Tsiku Limene Ndinawerenga Mayina ku Beech Grove

Ndikatseka maso ndimaona chivundikiro cha bokosi la pitsa chitagona pa udzu, chopondedwapondedwa ndi mapazi a ana, mafuta ake atasanduka mawanga akuda. Amenewo ndiwo anali malo oyamba othawirapo pa masewero a besibo, kuseri kwa nyumba ya a Chirwa ku South Bend. Malo achiwiri anali kapeti ya m'galimoto, achitatu thumba la makala lopanda kanthu. Inali nyengo yotentha ya kumeneko, imene dzuwa limakana kulowa, fungo la udzu wotchetchedwa kumene likusakanikirana ndi utsi wa nyama yowotcha ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Ndinapita ku Amereka m'zaka za m'ma 2000, mkazi wanga atamwalira. Anandiitana ndi mwana wanga Yamikani, amene ankagwira ntchito pachipatala, kuti ndizikamuyang'anira mdzukulu wanga Pempho. Ubwana umene ndikulemba pano ndi wa Pempho, koma wanga unanditsatira n'kukandipeza komweko ndili nkhalamba.

Masewerowo ngosavuta. Mwana mmodzi amaponya kampira kapulasitiki kobowokabowoka, mnzake amakamenya ndi chibonga n'kuthamangira malo aja mpaka kubwerera pamene anayambira. Akaphonya katatu watuluka. Poyamba ana a Amalawi ankasewera okha Loweruka lililonse masana, amayi awo ali kukhitchini, abambo awo atakhala pamthunzi kukangana za ndale za kwathu. Palibe ankawerenga kanthu. Mpira ukagwera kwa mzungu wa nyumba yoyandikana, masewero ankaima, onse n'kukapachika zibwano pampanda kunyengerera galu wake. Tsiku lina abambo aja anatembenuza mipando yawo n'kuyamba kuonerera, ndipo chisangalalo chinayamba kuwola tsiku lomwelo. A Chirwa, amene ankaphunzitsa payunivesite, anati m'mera mpoyamba, ana ayenera kudziwa pamene ali. Anawagawa m'matimu, n'kunena kuti pakufunika munthu wolemba kuti mwana aliyense waima kangati ndi chibonga, wamenya kangati, watuluka kangati. Anasankha ine chifukwa munthu wamkulu satsutsidwa pagulu.

Ndinavomera mokondwa, sindibisa. Ine sukulu ndinayamba ndevu zitatsala pang'ono kumera, nditatha zaka zanga kubusa, ndipo mpaka lero munthu akandipatsa cholembera ndimamva ngati wandiveka chisoti. Ndinkakhala pampando wopinda, pepala lili pabondo, kudula timizere. Madzulo Yamikani ankalowetsa timizereto mu kompyuta, n'kuprinta mndandanda wa mayina, womenya kwambiri pamwamba, wophonya pansi.

Zimene ndinaona m'masabata otsatirawo zimandinyansabe. Amuna akuluakulu, anthu a madigiri, ena akulu a mpingo, ankabwera pampando wanga atawerama, akuwomba m'manja mwaulemu, kundifunsa za msana wanga ndi za mvula ya kumudzi, kenaka mawu n'kutsika: “Agogo, paja mtsikana wanga sanatuluke, phazi linali litafika kale pabokosi. Maso a ukalamba, mwina simunaonetsetse.” Wina anandibweretsera paketi ya tiyi wa kwathu. Ulemu umene makolo athu ankasungira maliro ndi zinkhoswe, iwo ankauthira pansi chifukwa cha kampira kapulasitiki. Bambo wina anamukalipira mwana wake m'Chingelezi mpaka mwanayo anadzikodzera. Nawonso ana anaphunzira msanga. Mnzawo akagwa sankamudzutsanso, ankangotembenukira kwa ine kuti aone ngati ndalemba.

Pempho anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, wamiyendo yopyapyala, ndipo chibonga chake chinkafika mpira utadutsa kale. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Iye ndiye ankayala kapeti ija, ndiye ankadziwa dzina la galu wa mzungu uja, ndiye ankavina mnzake akamenya mpira patali, ngakhale wa timu ina. Anali ndi gulovu yachikopa yowakhira mpira, yogula pa kaunjika wa pakhomo pa munthu, ndipo ankagona nayo kumutu, ikununkha thukuta ndi mafuta ophikira amene ankaipaka kuti ifewe. Ndikamulankhula Chichewa ankamva zonse koma kuyankha m'Chingelezi. Pepala la bambo ake sankalisamala. Ankadziwa kuti amaphonya, koma anali asanauzidwe kuti kuphonyako kuli ndi nambala.

Nyengo itatsala pang'ono kutha, tinadraiva kupita ku Indianapolis kukasewera ndi ana a Amalawi a kumeneko, pabwalo la kuseri kwa nyumba ina ku Beech Grove. Tili m'njira, pakati pa minda ya chimanga yosaona malire, Yamikani anandiuza zimene anakonza ndi anzake. Tikatha kudya, achita monga pa tsiku lotsekera sukulu kwathu: kuitana mayina kuyambira nambala wani mpaka kumchira, makolo akufupa. Owerenga ndikhala ine. Koma ine tsiku lotsekera ndimalidziwa. Ndinaimapo pansi pa mtengo wa mango, chimphona pakati pa tiana, mphunzitsi akutchula mayina onse kupatula langa, mpaka anafika pomalizira n'kulitchula, gulu lonse n'kukuwa. Ndinathawira kumunda osabwerako mpaka mdima. Ndikanamuuza chiyani Yamikani? Ndinamulera ndine, lipoti la sukulu kudzanja lino, lamba kudzanja linalo.

Masewero a tsikulo ndawaiwala, sindikudziwa kuti anapambana ndani. Ndimakumbukira mbale za mapepala zodzaza mafupa a nkhuku, ntchentche pa chivwende, ndi chitenje chimene anachiyala pa udzu kuti paziponyedwa ndalama. Anandiimika pakhonde, n'kundipatsa pepala. Dzina loyamba linali la mwana wa a Chirwa. Nthungululu zinalira, amayi akuvina ndi madola m'manja, azungu oyandikana nawo akusuzumira pa mawindo. Pamene ndinkatsika ndi mndandandawo, nthungululu zinkachepa, ndipo ana otsala anaunjikana pafupi ndi mpanda, akuyang'ana nsapato zawo. Potsiriza panatsala Pempho yekha, gulovu ili kukhwapa.

Ndinaima. Ndikanatha kupinda pepalalo n'kunena kuti mayina athera pomwepa, ndipo palibe akanatsutsa munthu wamkulu. Koma ndili chete choncho ndinamva munthu akunong'ona kumbuyo kwanga kuti, “Madala asokonezeka, athandizeni kuwerenga.” Ine, wosadziwa kuwerenga? Ndinakweza mawu n'kutchula dzina la mdzukulu wanga momveka bwino, chilembo chilichonse pamalo pake, pamodzi ndi nambala yake.

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu okhuta. Bambo wina wa ku Indianapolis, wokonda nthabwala, anakuwa kuti, “Ngakhale ng'ombe imafuna mchira! Bwera mphwanga, ulandire yako!” Anandipatsa kandalama kachitsulo kuti ndimupatse ineyo. Pempho anayenda bwalo lonselo yekha. Atafika anagwada monga ndinamuphunzitsira, nalandira ndi manja awiri, nati, “Zikomo, agogo.” Amayi anaimba m'manja, kukondwera kuti mwanayo walankhula Chichewa. Amenewo ndiwo mawu oyamba a chinenero chathu amene anandiuza, ndipo sanandiyang'ane kumaso.

Pobwerera Yamikani ankati zimenezi zimulimbitsa Pempho, chaka chamawa adzakwera. Titafika ku South Bend ndinazindikira kuti gulovu kulibe. Mayi a nyumba ija ya ku Beech Grove anaimba foni mawa lake kuti aipeza itakolekedwa pampanda, ndipo Pempho anayankha kuti apatse wina aliyense. Chaka chotsatira anzake akamamuitana Loweruka, ankati mutu ukumupweteka. Ana a kumunsi kwa mndandanda uja anasiya mmodzimmodzi, a pamwamba makolo awo anawatengera ku matimu enieni a mayunifolomu, ndipo kuseri kwa a Chirwa udzu unameranso pamene panali bokosi la pitsa.

Tinawoloka nyanja ndi masutikesi odzaza ufa, usipa ndi zitenje, ndipo pansi pa zonsezo tinanyamulanso tsiku lotsekera sukulu, osafunsa ngati linachitirapo munthu zabwino. Ana aja anali ndi malo amodzi okha m'dziko lonselo amene palibe ankawayeza, ndipo ife tinawalanda. Pempho lero ndi mwamuna wamkulu, amandiimbira foni pa Khirisimasi, ndipo Chichewa chake chakula. Amandilankhula mwaulemu wonse, ndi mawu omwe aja amene anandithokoza nawo atagwada pa udzu.