Mtsuko wa Mevlude pa sitesheni

Kwathu ku Polatli, munthu akanyamuka ulendo wautali amamuthirira madzi pansi kumbuyo kwake, kuti apite ngati madzi, adzabwerenso ngati madzi. Mevlude, mayi wochapira anthu zovala, sanatero tsiku limene mwana wake mmodzi yekhayo, Nazmi, anatengedwa usilikali mu 1941. Anali gone ndi malungo, mtsuko uli wouma.

Nthawi imeneyo dziko lathu la Turkey silinali pankhondo. Asilikali ankangokumba maenje kumalire, kudikira mdani wosabwera. Buledi ankagula ndi khadi la boma, sopo anasowa, manja a Mevlude anang'ambika ndi phulusa lochapira. Mtima ankaukhazika ndi mawu amodzi: malinga sakumenyana, madzi aja alibe kanthu.

Mu February 1945 wailesi ya m'nyumba yomwera khofi inalengeza kuti boma lalowa nkhondo yolimbana ndi Jeremani ndi Japan.

"Musadandaule, amake Nazmi," anatero Tahsin, mkulu wosintha njanji pa sitesheni. "Tafika pamaliro anthu akutsuka mbale. Akuluakuluwo akungofuna mpando pogawana nyama."

"Mpando ndi wawo," anayankha Mevlude, "koma mwana ndi wanga."

Kuyambira tsiku lotsatira, akatha kupemphera swala ya m'mawa, ankasenza mtsuko kupita ku sitesheni. Sitima iliyonse yonyamula asilikali ikadutsa, ankathira madzi kumbuyo kwake, milomo ikugwedera ndi pemphero. Sankadziwa ngati Nazmi alimo.

"Mutichititsa dzimbiri njanji, mayi inu," ankatero Tahsin. "Mwana wanu ali kumadzulo, iyi ikupita kum'mawa."

"Nanga ali m'menemowo anabadwa kumtengo?"

Tahsin anasiya kumunena. Masiku ena ankamutungira yekha madziwo.

Palibe msilikali wathu amene anatumizidwa kukamenyana. Nkhondo inatha, ndipo tirigu atakololedwa Nazmi anatulukira wapansi, atawonda, akutsokomola, asanawomberepo munthu. Atamva kwa Tahsin za mtsuko uja, anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Munathira mochedwa, amayi. N'chifukwa chake nanenso ndachedwa."

Mevlude sanaseke. Anamuvula jekete lodzaza nsabwe, nakaliwiritsa pamodzi ndi zovala za eni ake. Mawa lake mayiyo anagona mpaka dzuwa litakwera, koyamba m'zaka zinayi. Sitima ya m'mawa itadutsa, amene anathira madzi anali Tahsin.