Mlandu wa Tawonga Unathera mu Ofesi ya Ahedi

A Ursula amagulitsa kaunjika mumsika wa Mbayani. Makolo awo anachokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo, ndipo bambo awo anawalera ndi lamulo limodzi: wobwera sakweza mawu, akaona aboma amapatuka. Amuna awo anamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Tawonga, mtsikana wolongolola yemwe ankafuna kudzakhala namwino.

Ali Fomu 3, Tawonga anagwiriridwa ndi Dalton, mnyamata wa timu ya mpira ya pasukulu pawo, pobwera kumasewero. Anafika pakhomo n'kuwauza mayi ake zonse. M'mawa mwake a Ursula sanatsegule benchi kumsika, anapita kusukulu. Ahedi anawalandira bwino, mpaka kuwaitanitsira tiyi.

"Mayi, nkhaniyi tisaipupulumire," anatero ahediwo. "Loweruka tili ndi fainolo, ndipo wotigoletsera zigoli ndi yemweyu. Komanso mukapita kupolisi, dzina lomwe limveke Mbayani yense ndi la mwana wanu. Tisiyireni, timulanga ife."

A Ursula anathokoza n'kubwerera. Dalton anasewera, sukulu inatenga chikho. Tawonga sanabwererenso m'kalasi. Ankangokhala kuseri kwa benchi kupinda zovala, mawu onse atamuthera.

Chaka chatha pa TV panayamba sewero la timu ya mpira ya pasekondale. Lamlungu madzulo anthu ankadzaza pabalaza pa a Hannah, oyandikana nawo nyumba, ndipo a Ursula anakondwa kuona kuti Tawonga naye wayamba kumapitako. Tsiku lina m'seweromo kaputeni wa timu anagwirira mtsikana. Mayi wa mtsikanayo anam'gwira mwana wake dzanja mpaka kupolisi, akukuwa msewu wonse. Kaputeniyo anamumanga ali m'bwalo, jezi ili m'thupi. Pabalaza ponse anaomba m'manja.

"Mayi ndi ameneyo!" anatero a Hannah, osadziwa kanthu.

Tawonga anadzuka n'kutuluka. A Ursula anakam'peza atakhala pamphasa, nyali osayatsa.

"Zija n'zapa TV, mwanangu. Amachita kulemba."

"Ndikudziwa," anayankha Tawonga. "Koma inu amayi, tiyi uja munamwa?"

A Ursula anafuna kunama, koma tiyiyo anali atamwadi.

Kutacha anakwera minibasi kupita kupolisi, okha, poti Tawonga anakana. Wapolisi wamkazi anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati mwanayo anapita kuchipatala nthawi imeneyo. Sanapite. Nanga mnyamatayo ali kuti? Anamva kuti ali ku Joni.

"Mlandu ngati uwu suwola, mayi," anatero wapolisiyo. "Koma mwiniwake abwere adzalankhule yekha. Popanda iyeyo tiyambira pati?"

Anakamuuza Tawonga zimenezi. Iye anangopitiriza kupinda malaya.

"Ndinalankhula kale. Ndinakuuzani inuyo."

Mwezi usanathe, Tawonga analongedza chikwama n'kupita ku Limbe, komwe mnzake anam'pezera ntchito mushopu ya nsalu. Sanakangane, sanamenyetse chitseko. Anatsanzika mwaulemu ngati mlendo.

A Ursula amamuimbira foni Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi. Nthawi zina amayankha, n'kunena kuti ali bwino, ntchito yachuluka. Pa Khirisimasi anam'sankhira diresi labwino m'belo latsopano, n'kupita nalo ku Limbe. Atafika tsidya la msewu anamuona mwana wawo akuyeza nsalu, akuseka ndi kasitomala. Anaima pamenepo nthawi yaitali, maminibasi akuwaimbira mahutala. Anaopa kuti akalowa, kusekako kutha. Anabwerera nalo diresilo, ndipo Lolemba analigulitsa.