Ndinamubweza Mnzanga Panjira Chifukwa cha Filimu

Linali Loweruka, nthawi itangokwana 3 koloko masana, pamene mnzanga anadulidwa dzanja ndi mwamuna wake, ine ndili kuseri kwa khoma. Chikwanje sindinagwire ndine, koma mawu amene anamubwezera m'nyumba imeneyo anatuluka pakamwa panga. Inu owerenga, ine sukulu ndinalekezera sitandade 5 ndipo pagulu sinditha kulankhula. Izi ndalemba pang'onopang'ono kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Tinkakhala pa Ngabu, m'nyumba za lendi zamdadada kuseri kwa msika. Mwamuna wanga amapalasa kabaza. M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala mnzangayo, amene pano ndizimutchula kuti amake Rozina. Ndi Msena wa kwa Ndamera, wamtali, woseka mokweza. Mwamuna wake ankapha mbuzi n'kumagulitsa nyama pamsika. Khoma lotilekanitsa silinkafika kudenga, choncho za m'nyumba mwawo tinkazimva zonse. Mnzangayo ankamenyedwa chifukwa cha mchere, chifukwa cha madzi osamba, tsiku lina chifukwa choyankha moni wa wogulitsa makala. Ankhoswe anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri anangomuuza kuti banja n'kupirira, ndipo mkazi wolowoledwa akafuna kuchoka amachoka yekha, mwana amatsala.

Ine ndinali ndi khanda, kwathu kutali, anzanga ndinalibe. Ndikafika pamjigo ndinkangotunga n'kubwerera osayang'ana munthu kumaso. Amake Rozina yekha ndi amene ankandiitana kuti shamwali, ndipo ndi yekhayo amene ankandifunsa maganizo anga pa kanthu.

Mwamuna wanga amakonda mafilimu. Amakawaikitsa pa memore khadi kwa obena nyimbo pamsika, ndipo foni yake yakale yosweka galasi ankaisiya pakhomo. Amuna akachoka, ife awiri tinkayala mphasa pakhonde, kutsamiritsa foniyo pa chitini, n'kumaonera.

Tsiku lina tinapezamo filimu yakale kwambiri, yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Munalibe ngakhale wotanthauzira m'Chichewa, koma nkhani yake tinaimva ndi maso. Mkazi wachizungu anakwatiwa ndi mlimi wina kutali ndi anthu. Ankamuuza kuti mkazi woyamba anathawa. Tsiku lina anapeza nsapato ndi zovala zonse za mkazi woyambayo zitakwiriridwa m'khola la ng'ombe, ndipo anazindikira kuti munthu sathawa wopanda nsapato. Sanakuwe. Anapitiriza kuphika, kumwetulira, kumuikira mwamunayo chakudya. Koma tsiku lililonse popita kumunda ankatenga kanthu kamodzi n'kukabisa pansi pa mlatho. Magazi munalibe m'filimu yonseyo. Chimene chinkatiopsa ndi phokoso la supuni pa mbale, mwamunayo akudya uku akumuyang'anitsitsa. Pamapeto mkaziyo anayenda wapansi mpaka pa siteshoni, osacheuka, ndipo sitima inanyamuka mwamunayo akungofika.

Itatha, amake Rozina anapinda mphasa n'kulowa m'nyumba mwake. M'mawa mwake anandibweretsera chitenje chimodzi kuti ndimusungire. Tsiku lotsatira kadiresi ka Rozina, kenako buku lake lakusikelo. Zonsezi ndinkazibisa m'thumba la mapira kuseri kwa chitseko chathu. Patatha milungu itatu katundu anakwana, ndipo anasankha Loweruka, tsiku limene mwamuna wake amatanganidwa kwambiri. Mwamunayo ankabwera kudzadya 3 koloko, osaphonya. Pofika nthawi imeneyo mnzangayo anayenera kukhala ali m'minibasi ya ku Nsanje, mwana ali pamiyendo.

Anafika kwathu dzuwa lili paliwombo, atasamba, Rozina ali kumsana. Kunkatentha moti malata ankalira okha. Apa ndi pamene ndinayamba kulakwa. Dzulo lake mwamuna wanga anali atabweretsa mafilimu ena, ndipo pakati pake panali yomwe ija koma yopangidwanso chatsopano. Mtima wanga sunkafuna kuti apite, ndinkaopa kutsala ndekha. Ndinamuuza kuti nthawi ilipo, adikire dzuwa lipendekeko, tionere komaliza.

Nkhani inali yomweyo, khola lomwelo, nsapato zomwezo. Koma iyi inali yamitundu, ya magalimoto ndi mafoni, nyimbo zikugunda ngati ng'oma. Zimene yakale inkabisa, iyi inkaonetsa poyera: mwamunayo akumukoka tsitsi mkazi, akumuwombetsa mutu patebulo, magazi akuyenda pamphuno. Munalinso wotanthauzira wanthabwala amene ankatiseketsa ngakhale pomvetsa chisoni. Mkazi wa m'filimu yatsopanoyi anafikanso pa siteshoni. Koma sitima itabwera sanakwere. Anabwerera kunyumba, anatenga chitsulo, n'kuima kuseri kwa chitseko. Mwamunayo polowa anamuphwanya mutu, n'kubwereza, n'kubwerezanso, wotanthauzira akukuwa kuti mpatse, mpatse, aone kuti mkazi si ng'oma. Pomaliza mkaziyo anakhala pakhonde la nyumba yake akumwa tiyi.

Ine thupi lonse linali litatentha. Amake Rozina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Shamwali, iwe ukuona bwanji? Yabwino ndi iti?"

Inu owerenga, munthu wosazolowera kufunsidwa akafunsidwa amafuna kuoneka wanzeru. Ndinalankhula mawu ambiri kuposa amene ndinalankhulapo chifikire pa Ngabu. Ndinati yatsopanoyi ndiye filimu. Ndinati mkazi wakale uja anali wamantha, anathawa ngati wakuba, kusiya nyumba yake ndi mbale zake, mwamunayo ali bwinobwino kudikira mkazi wachitatu. Ndinati mwamuna akangolawa kamodzi zimene amadyetsa mnzake, sabwerezanso. Ine amene sindinamenyepo ngakhale galu.

"Ndiye kuti ine ndine wamantha?" anatero, akuseka koma maso osaseka.

Pamenepo ndikanangonena kuti ayi, nyamuka, minibasi ikusiya. Nthawi inali ikadalipo. Koma manyazi anandigwira, ndinangoseka n'kuyang'ana pansi.

"Nkhabe," anatero m'Chisena chake, kutanthauza kuti ayi. "Zaka zinayi ndikudya zibakera, ndichoke ngati nkhuku? Undigwirire mwanayu."

Anamutsitsa Rozina, n'kutenga munsi umene unali pa mtondo panja, n'kulowa m'nyumba mwake. Ndinamuitana kamodzi, motsitsa mawu. Sindinabwerezenso. Ndinalowetsa ana m'nyumba mwanga n'kutseka.

Sipanapite nthawi ndinamva masilipasi a mwamunayo, ndi mipeni ikugundana m'thumba limene ankanyamula. Anakankha chitseko uku akufunsa kuti bwanji pamoto palibe mphika. Kenako ndinamva phokoso lalikulu pamalata. Nyumba zathu n'zazifupi. Mnzanga pokweza munsi uja unagunda phaso, ndipo potsika unalibenso mphamvu, unangomukhudza paphewa. Nyumba ya m'filimu ija denga lake linali kutali.

Ndiye mwamunayo anaseka. Kuseka kumeneko sindidzakuiwala. Anati, "Lero wakula eti?" Ndinamva thumba likugwa pansi, chitsulo chikukhulika pasimenti, kenako phokoso limene ndinkalimva tsiku lililonse podutsa pa benchi lake pamsika, la chikwanje chikalowa m'fupa. Mnzanga anakuwa kamodzi kokha kuitana mayi ake. Anagwera pakhoma lathu mpaka dothi linayoyokera pamutu panga. Chikwanje chinalira kachiwiri, kachitatu. Timadontho ta magazi tinadumpha pamwamba pa khoma n'kugwera pa neti yathu.

Ine ndinali chikhalire pansi, khanda langa pachifuwa, dzanja langa litatseka pakamwa pa Rozina. Pakamwa pomwe paja panatuluka mawu ambirimbiri panakanika kutulutsa liwu limodzi loitana anthu. Amene anakuwa ndi eni nyumba, mayi achikulire amene ankachokera kumjigo. Anataya ndowa n'kuyamba kufuula kuti akupha munthu kuno.

Anthu anakhamukira kuchokera kumsika. Mwamunayo anatuluka chikwanje chili m'manja, malaya ali psuu, ndipo wina anamugenda njerwa pachipumi. Atagwa anamuunjirira ndi mitengo, miyala, mapazi, mpaka nkhope yake sinkadziwikanso. Apolisi akanachedwa pang'ono bwenzi atafera pomwepo. Nditatuluka ndinaona akumunyamula mnzanga pa chitseko chimene anachizula. Anali ndi bala kuchokera pakhutu mpaka pachibwano. Dzanja lamanja, limene anatchingira nalo mutu, linkalendewera ndi khungu lokha, ndipo mayi wina analimanga ndi mpango kuti lisagwe panjira. M'filimu zija munthu akavulala amaoneka bwinobe. Mnzanga anali atadziipitsira, maso atatembenuka, ntchentche zitayamba kale kumutera.

Dzuwa lisanalowe wapolisi anabwerera kudzafunsa amene anamva chiyambi chake. Abale a mwamunayo anali atafika kale, akuuza aliyense kuti woyamba ndi mkaziyo, munsi ndi uwo, m'bale wawo ankangodziteteza, ndipo pabanjapo sipanakhalepo ndewu. Wapolisiyo anaima pakhomo panga. Ndinayang'ana nsapato zake n'kunena kuti ndinali mtulo, sindinamve kanthu. Kawiri tsiku limodzi ndinamupereka mnzanga.

Amake Rozina ali moyo, ali kwawo kwa Ndamera ndi mwana wake. Dzanja analichotsa kuchipatala. Khasu sagwira, mwana kumsana amachita kumumangirira, mutu amamupesa mayi ake. Akanakwera minibasi ija akanafika komweko ndi manja awiri.

Inu owerenga, ndaziganizira kwambiri filimu ziwirizi. Tsopano ndikudziwa kuti wolimba mtima anali mkazi wakale uja. Kuikira chakudya munthu amene ukudziwa kuti ndi wakupha, kubisa kanthu kamodzikamodzi, kuyenda osacheuka, si mantha amenewo. Yatsopano ija anaipanga kuti ife oonera tiwombe m'manja. Chitsulo cha m'menemo sichiphonya chifukwa chikaphonya amajambulanso, ndipo womenyedwayo akamaliza amasamba n'kupita kwawo. Kwathu kuno mwamuna wogwira chikwanje tsiku ndi tsiku sapereka mpata wachiwiri.

Mnzanu akakuuzani kuti akuthawa nkhanza, musamuchedwetse ndi kanthu kalikonse, ngakhale madzi akumwa akamwere panjira. Munyamulireni katundu, mum'perekeze mpaka galimoto inyamuke. Musamuuze kuti abwezere pamene thupi lokalandira chikwanjelo si lanu. Ndipo mukamva kulira kuseri kwa khoma, kuwani. Manyazi anga ine ndinkawayesa ulemu, koma ndi amene anadya dzanja la munthu.

Kutacha Lamulungu, m'mawa mwa Loweruka lija, ndinaphika phala, kuliika m'kontena, kubereka khanda, Rozina kumusiya ndi eni nyumba. Mwamuna wanga anandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Ndinamupeza mnzanga atagona chagada, nkhope yokulungidwa, diso limodzi lokha likuoneka. Pambali pa bedi panali wapolisi wamkazi ndi kope, ndipo kukhoma kunaima alongo ake a mwamuna uja, akubwereza zoti mkaziyo ndiye chilombo. Wapolisiyo ankadandaula kuti mdadada wonse uja palibe ngakhale mmodzi amene anamvapo kanthu.

Ndinaika kontena pansi. Diso lija linkandiyang'ana.

"Achimwene anu akhala akumumenya chilowere ine m'nyumba ija," ndinatero kwa alongo akewo, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Kenako ndinatembenukira kwa wapolisiyo. "Dzulo ndinanama, sindinali mtulo. Amayi, tsegulani kopelo. Muyambe ndi zimene ndinamuuza ineyo."