Kompyuta Yosadziwa Polekera

Pa tchuthi cha giredi 11 bambo anandilembetsa pa kasukulu ka makompyuta m'tauni, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Kompyuta inali imodzi yokha, ophunzira tinali gulu. Aphunzitsi anali ndi lamulo lakuti wosokoneza makinawo azipita kuchipinda cha mataipi, kumene anthu ankagogoda zilembo tsiku lonse. Chipindacho ndinkachiopa kuposa minibasi ya ku Chelstone ikamapikisana ndi inzake.

Sabata imeneyo anatipatsa ntchito yolemba pulogalamu m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C yowerenga zilembo za m'fayilo: itenge chilembo chimodzi, iwonjezere pa nambala, itengenso china. Yanga ndinailemba kunyumba papepala, mzere uliwonse ndi rula. M'fayilo yanga munali chiganizo chimodzi chabe.

Nthawi yanga itakwana ndinataipa mosamala, n'kudina batani. Nambala inayamba kukwera. Inadutsa zana, inadutsa chikwi, osapuma. Apo ndinazindikira: ndinali nditaiwala kuiuza kuti ikafika kumapeto kwa fayilo ileke.

Ndinasendeza mpando pafupi kuti mutu wanga ubise galasi la kompyuta, koma mutu wanga ndi waung'ono. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wa mu ofesi ya ku Longacres, amene ankaphunzira nafe.

"Iwe mwana," anatero mayiwo, "waikamo Baibulo yonse?"

"Ikali kuwelenga, ba mayi," ndinanong'ona.

Tinadikira tonse, mwaulemu ngati pamaliro. Nambala itakula kwambiri, mwadzidzidzi kutsogolo kwake kunatulukira kamzere kochotsera, niyamba kuchepa.

"Ba Ticha! Bwelani muone, manje yayamba kubweza!"

Aphunzitsi anafika akupukuta manja, pakuti ankadya chitumbuwa pakhonde. Anadina mabatani awiri, nambala inaima.

"Ndani kondakita wa basi iyi yopanda siteshoni?"

Ndinakweza chala chimodzi, n'kuyamba kulongedza mapepala anga.

"Uyenda kuti? Makina sanafe, amvela chabe vamene unawauza. Imilila kutsogolo, uuze anzako chamene waiwala. Mokweza."

Ndinayang'ana nkhope zonsezo zikundidikira, mayi a ku Longacres atakonzeka kale kuseka.

"Ba Ticha," ndinatero, "ku mataipi kuli malo?"

Anati kunadzaza. Ndinafotokoza maso ali pa nsapato zanga, ndipo a kumbuyo anandibwerezetsa.