A Pyo, wopha magalimoto wa ku Pohang

Nkhani ili mkamwamkamwa mumsika wa nsomba ndi yakuti Loweruka lapitali a Pyo anawaona kumanda a magalimoto kuseri kwa doko, atagwada chipumi pansi patsogolo pa kalole kakufa, botolo la mowa wampunga lili pambali. A Pyo enieniwo, a inshuwalansi aja! Wanena zimenezi ndi mkazi wa wometa tsitsi, mayi amene sananamepo chiyambire mwezi uno.

Bambo amenewa amerera imvi pa ntchito yoweruza magalimoto ovulala. Lamulo lawo ndi limodzi: kukonza kukadula kuposa mtengo wa galimotoyo, basi yafa, kampani ilipire mwiniwake, chitsulo chipite kophwanya. Akuti akamadutsa mumsewu magalimoto amazima okha ndi mantha. Ngakhale njinga yawo yomwe imayenda mwaulemu.

Madzi a m'nyanja atasefukira n'kulowa mumsika, kalole ka mayi Bang ogulitsa nkhanu kanamira mpaka pachiwongolero. Kanali ka malemu amuna awo. Madzi ataphwa, mayi anakatsuka, kukapukuta, kukapopera zonunkhiritsa ngati mkwatibwi, kuti a Pyo akakaona achite manyazi.

A Pyo penti sanayiyang'ane n'komwe. Anakoka lamba wapampando mpaka pothera, ndipo kothera kwakeko kunatuluka matope.

"Amayi, kameneka kapita."

"Kapita kuti? Dzulo lomweli kalira."

"Nkhuku yodula mutu nayo imathamanga. Madzi amchere alowa m'mawaya onse. Kadzakuzimirani pamtsetse, nkhanu zanu n'kukafika kumsika inu musanafike."

"Bambo inu munabadwa kwa munthu kapena munatuluka m'galaja?"

"Ambiri amandifunsa zimenezo."

Kalole kanakokedwa. Katapita m'pamene mayi Bang anakumbukira nsomba. Tsiku logula kaloleko amuna awo anathira mowa m'matayala monga timachitira tonse, n'kumanga nsomba youma ndi ulusi woyera, kuikoloweka pamwamba kuseri kwa mpando kuti iwasunge pamsewu. Mfundo ya ulusiwo anamanga ndi zala zawo. Mayi analira mpaka nkhanu za m'beseni zinasiya kumenyana. Kophwanya anaimbako foni, koma anawauza kuti kumeneko kukalowa chinthu chimatuluka ngati chibisiketi.

Lolemba m'mawa anapeza kamtolo ka nyuzipepala pabenchi pawo. Kumasula, nsomba ija, ulusi uli chimangire, ikununkhira kamowa katsopano. Anaikumbatira ngati mdzukulu, msika wonse ukuonerera.

Masana a Pyo anadutsa, nkhope ili gwa ngati chitseko cha banki. Mayi Bang anawatsekera njira ndi thumba la nkhanu zazikulu, zija sagulitsa kwa munthu wamba.

"Landirani, bambo wopanda mtima inu. Zikomo. Mwandibwezera amuna anga."

"Amuna anu sindinawatenge."

"Akuti munakatsanzika bwino kalole kanga. Mowa m'matayala onse anayi, kugwada kawiri ngati pamaliro."

Anthu anayang'ana buluku la a Pyo. Pa maondo onse awiri panali mawanga akuda a oyilo, oti sopo wa dziko lonse analephera. A Pyo analandira nkhanuzo, n'kutsitsa thumbalo pang'ono kuti liphimbe maondo.

"Ine sindinagwadirepo galimoto, amayi," anatero. "Ndipo nsomba yanuyo sindikuidziwa."