Mtovu Wolemera wa a Belmiro

Alamu anga a Belmiro anali munthu wonyada, ndipo chonyadira chawo chinali chimodzi: pa Barra ponse, pamene madzi a kwathu amatulukira kunyanja yaikulu, panalibe msodzi woponya mtovu wopepuka kuposa wawo. Anzawo akamangirira zagaia ya magalamu 120, iwo ankatsitsa ya 70, n'kufika nayo pansi bwinobwino. Zagaia ndi mtovu woumbidwa ngati kansomba, wa mbedza kumchira, umene timagwirira nsomba ya robalo madzi akamathamanga kutuluka m'thamanda lathu lalikulu la Ria kupita kunyanja.

"Wolemera umagwa ngati mwala," ankatero. "Robalo si chitsiru choti n'kumeza mwala. Wopepuka umatsika uku ukuvina. Koma mukapepukitsanso, alamu, madzi akautulira ku Amereka usanakhudze n'komwe pansi."

Luso limeneli analitenga kozizira. Ali ndi zaka 18 anakwera sitima yowedza nsomba za bakayawo kupita ku Terra Nova, kutali kutsidya la nyanja, chifukwa nthawi imeneyo wopita ku bakayawo sankatengedwa kunkhondo imene dziko lathu linkamenya ku Africa. Zaka zisanu ndi chimodzi ankatsitsidwa ali okha m'kabwato m'chifunga, chingwe kudzanja ili, china kudzanja ili. Atabwerera kwathu ku São Jacinto anakwatira achemwali anga a Deolinda, ndipo ndodo yowedzera anaikana mpaka kalekale. Chingwe cha nayiloni chinkadutsa pa chala chawo cholozera, ndipo chalacho chinkawauza zonse: uwu ndi mchenga, izi ndi nkhono, uwu ndi mwala, iyi ndi nsomba yangonunkhiza n'kupita.

Ine Adérito ndinkagwira injini. Zaka 26 ndinawaongolera boti, ndipo kunena zoona nthawi zambiri ankanditopetsa. Ntchito yanga inali kuyendetsa boti mofanana ndi madzi kuti chingwe chawo chiime chilili. Mtovu ukagunda pansi ankati "pansi," ine n'kudziwa pamene tili. Chingwe chikapendekeka pang'ono mlandu unali wanga. Nsomba ikagwidwa, luso linali lawo.

Botilo linali la achemwali, cholowa cha bambo athu amene anamira pakamwa pa Barra pomwepo ine ndili ndi zaka khumi. A Deolinda analumbira poyera, tonse tili patebulo, kuti tsiku limene thupi la amuna awo lidzayambe kukana, boti lidzagulitsidwa mawa lake. Anati anaika kale mwamuna mmodzi m'manda, bambo athu aja, ali ndi mchenga m'kamwa, wachiwiri ayi. Achemwali anga akanena chinthu sabwereza, ndipo a Belmiro ankadziwa zimenezi kuposa ine.

Chaka chimene anakwanitsa zaka 62, ndinayamba kuona zachilendo m'kabokosi kawo ka mtovu. M'mwezi wa Juni anamangirira wa 100 madzi ali ofatsa. Ndinawaseka.

"Bwanji alamu, mwayamba kuwedza ngati alendo a mumzinda wa Porto?"

"Pansi pali madzi ena. Inu simungawaone. Yang'anani injini yanu."

Pofika Ogasiti anali pa 150. Mawu aja oti "pansi" anayamba kuchedwa. Ndinkaona chingwe chikulefuka, kusonyeza kuti mtovu wagunda kale, iwo ali chete, kenako n'kunena mochedwa atachiona ndi maso. Tinkataya zagaia zitatu, zinayi pa tsiku, zokodwa m'miyala, munthu amene kale ankatha mwezi ndi imodzi.

Tsiku lina masana ndinawapeza m'kashedi kawo akusungunula mtovu. Anali atasema chikombole chatsopano, chachikulu ngati chogwirira cha mpeni. Pothira, dontho linagwera pa chala chawo chapakati. Ndinamva fungo la khungu lopsa, iwo akupitirizabe kundifotokozera za mpira. Ataona kumene ndikuyang'ana, anabisa dzanjalo m'thumba.

"Zayamba liti?" ndinafunsa.

"Chani?"

"Alamu, ine si mwana. Chala chapsa icho, simunaphethire n'komwe."

Anakhala pa chidebe. Anati ndi shuga. Adokotala anawauza kuti zala zikachita dzanzi chonchi sizibwerera. Kunyumba anangonena za mapiritsi basi, za zala anabisa.

"Mukakawauza achemwali anu, mwandipha ndinu," anatero. "Ndizikatani ine kumtunda? Kuthirira kabichi? Ndipatseni chaka chino chokha. Wolemera ndimaumvabe, umandigwedeza mpaka m'chigongono."

Ndinavomera, ndipo ndimadzida nazo mpaka lero. Ndinkadya supu ya achemwali Lamlungu lililonse, iwo akundifunsa kuti, "Adé, mlamu wakoyu ali bwino pamadzi?" ine n'kumati ali ngati mnyamata. Ndinkachita mantha ndi onse awiri.

Zinafika pamapeto mu Okutobala, mwezi uli wathunthu, madzi akuphwa mwamphamvu kuposa tsiku lina lililonse chaka chimenecho. Tinanyamuka dzuwa litakwera, cha m'ma 9 koloko. Kunyanja kunali mafunde ataliatali ochokera kumadzulo, ndipo pakamwa pa Barra, pamene ankakumana ndi madzi otuluka, ankaima njo n'kumasweka. Maboti ena awiri anatembenuka n'kubwerera m'kati. Wa boti lina, Custódio, anatikuwira podutsa kuti lero ndi la akufa okha.

"Robalo wamkulu amadya tsiku ngati lino," anatero a Belmiro. "Tiyende kawiri kokha m'mbali mwa khoma la kumpoto. Tikafika pa nyali yofiira mutembenuke."

Anatulutsa zagaia ya m'chikombole chija, ya magalamu 250, pa chingwe chokhuthala chimene ng'ombe singachidule. Anali atavala juzi ya manja aatali, dzanja lamanja atalikokera m'kati. Sindinaganizepo kanthu, kunkazizira.

Ulendo woyamba tinadutsa opanda kanthu. Miyala ya khoma lotchinga mafundelo inkathamanga pambali pathu ngati tili pa njinga yamoto. Ndinabwerera kumene tinayambira injini ikulira mokakamiza, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri, titayandikira nyali yofiira, ndinawauza kuti akweze chingwe.

"Dikirani."

"Alamu, apa ndi pamiyala. Kwezani."

"Ndati dikirani kaye."

Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinangoona dzanja lawo likukokedwa kunja kwa boti, thupi lonse n'kutsatira, chifuwa n'kumenyetseka pa thabwa la m'mphepete. Juzi inakwinyika, ndipo ndinaona zimene anachita. Chingwe anachizunguliza katatu pamkono, pomangira wotchi, pamene khungu linkamvabe. Mwana aliyense wa ku São Jacinto amadziwa kuti zimenezo sachita madzi akamaphwa. Iwo omwe ndi amene anandiphunzitsa, ndi khofi la m'khutu.

Boti linkapita, chingwe chinali chitagwidwa pansi. Ndinatembenuzira mphuno ya boti kumene madzi ankachokera, n'kutsegula injini yonse kuti chilefuke. Boti linangoima malo amodzi likunjenjemera, losapita kutsogolo ngakhale phazi limodzi. Funde lililonse lolowa linkatinyamula, ndipo tikakwera chingwe chinkalowa m'nyama. Magazi anayamba kutsika m'zala zawo, dzanja likuda.

"Masulani!"

"Sichikumasuka." Mawu awo anali otsika, ngati akundiuza nthawi. "Musadule. Ndi nsomba."

"Ndi mwala umenewo."

"Ndi nsomba, Adérito. Kankhani boti pang'ono, ituluka."

Ndinacheuka. Kumbuyo kwathu, mtunda wosakwana bwalo la mpira, mafunde aja ankasweka pamalo amene anamira bambo. Kuti ndifike pa chingwe ndinayenera kusiya chiwongolero, ndipo boti losaongoleredwa m'madzi otere limapingasa nthawi yomweyo. Ndikanati ndikhalebe pa injini, funde lina lalikulu likanawachotsa m'boti. Miyendo yawo inali itayamba kale kunyamuka, bondo limodzi lokha ndi limene linakola pansi pa mpando.

Ndinapanikiza chiwongolero ndi bokosi la nsomba, ndinasolola mpeni, ndinakwawa. Anandikankha ndi chigongono cha dzanja linalo.

"Iwe, usayerekeze. Ndikuti usadule."

Chikwatirire achemwali anga anali asananditchulepo kuti iwe. Ndinawagonera pamsana, ndinatambasula dzanja kupitirira lawo, ndinagwira chingwe ndi zala zamanzere kuti mpeni upeze pogwira. Ndinachigwira kanthawi kochepa kwambiri, kokwana kupuma kamodzi. Kenako ndinadula.

Tinagwera m'boti tonse awiri. Bokosi lija linali litaterereka, boti litapingasa, ndipo funde linatilowera mpaka m'mawondo. Sindikumbuka mmene ndinafikira pa injini. Ndikukumbuka kuti sinazime, ndi kuti ndinatukwana njira yonse mpaka tinalowa kuseri kwa khoma kumene madzi amafatsa. Ndinatukwana iwo, ndinatukwana mtovu wawo, ndinadzitukwana ndekha.

Kumeneko ndinazimitsa injini n'kuyamba kuchotsa nayiloni m'nyama. Inali italowa mozama moti ndinachita kuitokosa ndi nsonga ya mpeni. Ndinawamanga ndi malaya anga am'kati. Iwo sanalire, ankangoyang'ana madzi amene anali kuyendayenda m'boti. Mkwiyo wanga unatha, panatsala chisoni chokhachokha, chifukwa munthu amene anakhala patsogolo pangayo anali nkhalamba, ndipo ndinali ndisanaonepo zimenezo.

"Alamu," anatero patapita nthawi, "munachigwira chingwe chija."

"Ndinachigwira."

"Ine sindinamve kanthu. Ndimangonena. Ululu wokhawokha ndi umene ndimamva." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye mundiuze inuyo. Inali nsomba kapena mwala?"

Zaka 26 funso limenelo ndinkafunsa ndine. Anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinaona zimene ankafuna. Ikakhala nsomba, ndiye kuti mtovu wawo wolemera wagwira ntchito, anasankha bwino malo ndi tsiku, bala lipola, ndipo mwezi wamawa madzi akadzakulanso adzakhala pa nyali yofiira chingwe chili pamkono winawo.

"Mwala," ndinatero. "Mtovu wotere ungakole chiyani china? Unangolowa m'phanga n'kukhala."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Osagwedezeka ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye ndimati ndifere mwala."

Ndinayamba kukapa madzi ndi chidebe kuti ndisawayang'ane.

Titafika kunyumba, a Belmiro sanandilole kuti ndilankhule. Achemwali anali pakhomo akuyanika zovala, ndipo ataona malaya amagaziwo anangosiya kuyanika, chopanira zovala chili m'kamwa. A Belmiro anaima patsogolo pawo, atanyowa mpaka m'chiuno, n'kuwatambasulira manja onse awiri.

"Deolinda, zala izi zinafa kalekale. Ndimakubisira. Mlamu wangayu usamukalipire, ndinachita kumupempha. Boti ugulitse."

Kuchipatala ku Aveiro anawasoka, dzanja linapulumuka. Boti analigula Custódio Khirisimasi isanafike, ndipo ine ndimamugwirira injini masiku ano. Achemwali anakhala miyezi itatu osandilankhula, zomwe zinali zondiyenera. A Belmiro kabichi amathiriradi. Masana amakhala pa benchi ya padoko, achinyamata n'kumabwera kudzawafunsa mtovu woyenera tsikulo. Amayang'ana madzi, amayang'ana mbendera ya padoko, n'kunena kuti 80 kapena 110, ndipo salakwitsa. Akafunsidwa chifukwa chimene anasiyira, amaonetsa chipsera n'kunena kuti munthu amene walimbana ndi mwala akuuyesa nsomba, nthawi yake yakwana. Amaseka ponena zimenezi, koma kuseka kwake sikumandisangalatsa.

Chingwe chija ndinachigwira kanthawi kochepa, koma zala zanga n'zamoyo. Chinali chitakola pa mwala, inde, koma kuseri kwa mwalawo kunali chinthu chimene chinagunda kawiri, mwamphamvu, mmene robalo amapukusira mutu akamva mbedza. Ndagwirapo zingwe za nsomba zambiri powathandiza kukweza, koma kugunda kolemera choncho ndinali ndisanakumvepo. Inali nsomba yaikulu kuposa zonse zimene alamu anga anakolapo pa Barra, ndipo anaipeza ndi zala zakufa.

Lamlungu lililonse ndimakhala nawo patebulo, ndimawadulira nyama chifukwa mpeni umawapulumuka. Nthawi zina, achemwali akalowa kukhitchini, amandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndikutsimikizadi kuti sichinagwedezeke. Ndimati ndikutsimikiza.