Tsiku Limene Amayi Opalira Nzimbe Ananyamula Mlongo Wanga

Ndinadzuka tambala wachiwiri asanalire. Kunena zoona sikunali kugona kwenikweni, ndinangotsamira mtengo wa masau kuseri kwa nyumba. M'nyumba ya siwa amayi a kutchalitchi anali akuimbabe, koma mawu anali atawathera moti ankangong'ung'udza. Amuna anali ngundangunda pa mphasa, mozungulira chikuni chimene chinatsala makala okhaokha. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ngakhale pa ola limenelo nthaka ya kwathu kuno ku Ngabu inali isanazizire.

M'nyumbamo munagona mlongo wanga Joana, wobadwa pambuyo panga. Thupi lake linafika dzulo lake kuchokera ku Blantyre, kumene anamwalira atadwala impso miyezi iwiri. Anali mphunzitsi wa zachuma ku yunivesite. Ine ndine kapitawo kuminda ya nzimbe. Ndimaitana mayina m'mawa, ndimagawa mizere, ndimalemba amene wajomba.

Tinakhala zaka zitatu osalankhulana. Zinayamba pamene iye anabwera kudzachita kafukufuku kuminda komwe ndimagwirako ntchito. Ankafuna kudziwa chifukwa chake amayi amangopatsidwa kupalira ndi kudzala, pamene kudula nzimbe, kutsegula madzi ndi kuyendetsa mathirakitala, kumene kuli malipiro abwinoko, n'kwa amuna okha. Ankafunsanso chifukwa chake ife a kuchigwa tadzaza m'minda koma m'maofesi muli anthu a kumtunda. Ankavala magambutsi n'kumakhala m'mizere dzuwa likuswa mtengo, kufunsa anthu m'Chisena ndi m'Chimang'anja. Zimene analemba zitatuluka, mabwana anandiitana kukandifunsa ngati ndine ndinkamuuza za m'kati mwa kampani. Tsiku lomwelo ndinamuimbira foni n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Anangoti, "Ndamva, achimwene." Sanapondedi.

Kutayamba kufiira kummawa, adzukulu ananyamula makasu ndi mapiki kupita kumanda. Amayi anasonkha moto kuseri kwa khola, mafuwa atawandandalika mzere umodzi, ndipo utsi unangoima pamwamba pa mitu yawo chifukwa kunalibe mphepo. Mkazi wanga anabwera kudzandinong'oneza kuti madzi abwino atsala migolo iwiri yokha, popeza mjigo wa m'mudzi mwathu umatulutsa amchere. Ndinamuuza kuti akwanira. Ndinkayembekezera a m'mudzi, a kutchalitchi ndi alendo ochepa a m'tauni.

Alendowo anafika cha m'ma 8 koloko, atavala masuti akuda, akudzipukuta thukuta m'khosi. Tinawakhazika m'tenti pa mipando ya pulasitiki. Bwana wa chigawo chathu cha kuminda anafikanso, monga kampani imachitira kapitawo akaferedwa. Anandigwira dzanja n'kukhala pampando wakutsogolo.

Dzuwa litakwera ndinaona fumbi kumsewu wochokera kumtsinje. Ndinaganiza kuti ndi ng'ombe, ndipo ndinatuma anthu kuti akazikuse zisadutse pamaliro. Sizinali ng'ombe. Anali amayi, atavala magambutsi ndi malaya a kuntchito, zitenje m'chiuno, akuyenda awiriawiri osaimba, osalankhula. Atafika pamene tinaika masamba pamsewu, aliyense anatula khasu lake pansi pa mlambe. Mulu wa makasuwo unakula ine ndikuona mpaka unafika m'chiuno mwa munthu. Ndinayesa kuwawerenga, monga ndinazolowera, koma ndinasiyira panjira. Ena anali a gulu langa, ena a zigawo zina, ena nkhope zachilendo za kuminda ya kutali. Ena anali ndi makanda kumbuyo.

Linali Lachitatu, tsiku la ntchito. Ndimadziwa bwino zimene zimamuchitikira waganyu akajomba: tsikulo salipidwa, ndipo chaka chamawa dzina lake likhoza kusowa. Onsewo ankadziwanso. Anadutsa kutsogolo kwa tenti, bwana akuwaona, n'kukakhala pansi padzuwa, chifukwa mithunzi yonse inali itadzaza.

Mkazi wanga anandiyang'ana ali kumoto. Ndinadziwa kuti akuganiza za migolo iwiri ija. Tisanalankhulane tinamva kulira kwa thirakitala. Inalowa pang'onopang'ono ikukoka thanki ya madzi, ndipo pachiwongolero panali mayi wa duku lofiira. Anaibweza chambuyo pakati pa khola ndi nkhokwe osakhudza kanthu, amuna onse atatsegula pakamwa. Atatsika anandiuza kuti amagwira kumunda wa alimi ogwirizana tsidya la mtsinje, ndipo anapempha thankiyo kwa anzake. Anati Joana ndi amene anamuuza kuti palibe lamulo loletsa mkazi kuphunzira thirakitala, n'kumuperekeza yekha kukalembetsa. Amayi anafola ndi zidebe, ndipo madziwo anakwanira tsiku lonse.

Mwambo unayamba masana. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha kutentha. Kenako mkulu wina wa ku yunivesite anaimirira n'kulankhula nthawi yaitali, Chingelezi chambiri, za mabuku a Joana ndi mayiko amene anthu amawawerenga. A m'tenti ankagwedeza mitu. Amayi a padzuwa ankangodzikupiza ndi nsonga za zitenje.

Mkulu uja atakhala pansi, mayi wina wachikulire wa gulu langa anaimirira pakati pa anzake. Sanali pa ndandanda wa olankhula. Ndakhala ndikumuitana dzina m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, koma ndinali ndisanamumvepo akunena mawu oposa oti "ndilipo". Sanapite kutsogolo. Analankhula ali pomwepo, mosakaniza Chisena.

"Ine ndakalambira m'mizere," anatero. "Mwana uyu anadzakhala nane pansi, n'kundifunsa kuti, mama, akanakusankhitsani, mukanakonda ntchito iti? Ndinaseka. Chibadwire palibe anandifunsapo zimenezo. Ndinapita kunyumba, sindinagone. M'mawa ndinamuuza kuti ndikanakonda kutsegula madzi m'ngalande. Analemba. Basi, ndi zomwezo."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"A kapitawo, lero sitikupempha mzere. Tikupempha kuti timunyamule ife."

Adzukulu anayamba kung'ung'udza kuti kwathu bokosi amanyamula ndi amuna. A ku yunivesite anali atabwera ndi galimoto yawo ya maliro, yopukutidwa bwino. Malume athu, amene ankayendetsa mwambo, anandiyang'ana, chifukwa bambo athu anamwalira kalekale ndipo mwamuna wamkulu pakhomo ndine. Bwana nayenso anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikavomera, mawa kudzamveka kuti kapitawo ndi amene anamema anthu kuti athawe ntchito. Ndili ndi ana anayi pasukulu. Ndinayang'ana amayi athu, amene anakhala pakhomo la siwa atafunda nsalu kumutu. Anangokweza dzanja pang'ono kuloza kwa amayi aja.

"Munyamuleni," ndinatero.

Sindinaonepo zotere, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzaonanso. Amayi aja sanalimbirane. Anaima mizere iwiri moyang'anizana, kuyambira pakhomo pathu mpaka kumene njira imakhotera kumanda, ndipo amene bokosi lawadutsa ankathamangira kutsogolo kukawonjezera mzere. Bokosi linkayenda m'manja, kuchoka kwa awa kupita kwa awa, osagwedezeka, ngati bwato pa madzi odekha. Manja awo anali okhakhala, ong'aluka ndi masamba a nzimbe. Aliyense ankaligwira kanthawi kochepa n'kulipereka. Apa m'pamene anayamba kuimba, nyimbo ya kutchalitchi koma mayendedwe ake a kumunda, mmodzi kutsogolera, onse kuvomera, mpaka ndinamva nthaka ikunjenjemera m'mapazi. Galimoto ya maliro inkatsatira pambuyo ilibe kanthu. A masuti anayenda m'fumbi limodzi ndi ife tonse.

Tili pakati pa njira, kuminda kwina anayatsa nzimbe zodula mawa lake. Utsi unakwera kumwamba ngati phiri, dzuwa linafiira, ndipo phulusa lakuda linayamba kugwa pang'onopang'ono pa maduku, pa masuti, pa nkhata zamaluwa ndi pa bokosi. Palibe analisasa.

Polowera kumanda amayi anaima. Anapereka bokosi kwa adzukulu mwaulemu, ndipo adzukulu aja, amene poyamba ankang'ung'udza, analilandira atavula zipewa. Tinamuika pafupi ndi bambo. Ndinathira dothi langa.

Pobwerera, mayi wachikulire uja anandipeza pa mlambe akufunafuna khasu lake m'mulu. Ndinamuuza m'Chisena kuti takhuta, kutanthauza zikomo. Anandiyang'ana kumaso, zimene kumunda sachita.

"Ife tinkakudani, baba," anatero. "Mlongo wanu ndi amene anatiletsa. Ankati, achimwene anga nawonso ali ndi mzere wawo umene sangaudumphe. Anaphunzitsa ntchito anthu atatu, onse anawapitirira n'kukhala mabwana awo."

Zinali zoona, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, ngakhale Joana. Ndinakhala pansi pa muzu wa mlambe n'kulira monga sindinalirire usiku wonse wa pamaliro. Mayiyo anaima pambali panga mpaka ndinatonthola, kenako anasenza khasu lake n'kulondola anzake.

Amayi ambiri sanadikire chakudya. Anamwa madzi n'kuuyamba ulendo, chifukwa kwawo kunali kutali. Magalimoto a m'tauni ananyamuka kuti akakwere mapiri kusanade. Bwana anatsanzika pomaliza. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, phulusa lili paphewa pake, n'kundiuza kuti Lolemba ndikamupeze ku ofesi. Nkhope yake sindinathe kuiwerenga.

Madzulo pakhomo panatsala achibale ochepa. Tenti inali itapindidwa, mipando itasanjikizidwa pakhonde. Mbuzi zinabwerera m'khola zokha. Amayi athu, amene anakhala masiku atatu osatseka chikope, anagona pa mkeka m'chipinda chapakati, akupuma mofatsa. Ine ndinakhala pakhomo ndikuyang'ana bwalo. Mkazi wanga anandibweretsera madzi m'kapu n'kukhala pambali panga. Patapita nthawi anandifunsa chimene ndikanene Lolemba akakandifunsa mayina a amene anajomba.

"Ndikanena kuti sindinaone," ndinayankha. "Ndinali kuika mlongo wanga."